Maso a amuna anga achita chikasu: ndiwapatse nzimbe kapena tipite kuchipatala?

Funso: A dokotala, ndine mayi wa ku Mchinji, ndili ndi pakati pa miyezi 7. Amuna anga, a zaka 41, maso awo achita chikasu ndipo lero ndi tsiku la 9. Zinayamba ndi kuphwanya m'thupi ndi kutentha thupi pang'ono, anagula Panado pagolosale n'kumamwa. Panopa thupi silikutentha koma chakudya sakuchifuna, akuti fungo la ndiwo zokazinga likuwachititsa nseru, ndipo mkodzo wawo ukuoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Mowa amamwa, makamaka Loweruka ndi Lamulungu. Apongozi anga akuti ndi chikasu chabe, azingodya nzimbe, ndipo atumiza kale mizu yoti ndiwaphikire. Anzanga akuti ndiwapatulire mbale ndi kapu. Eni akewo akuti palibe pamene pakuwapweteka ndiye kuchipatala akatani. Kodi zimenezi n'zoopsa? Nanga ine ndi mwana ali m'mimbayu tingatengere?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi zofulumira, zofotokoza zibwera pambuyo. Bambowo apite kuchipatala mawa m'mawa, ndipo inu mupite nawo, mutenge mabuku a kuchipatala onse awiri, lawo ndi lanu la sikelo. Mizu imene yabwerayo musaphike. Mowa asaulawe ngakhale kapu imodzi, ndipo Panado, Bufen kapena mankhwala ena alionse a pagolosale ayambe aima mpaka ataonana ndi adokotala. Koma mukaona kuti akusokonezeka mutu, akungogona osadzuka bwinobwino, akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena thupi latenthanso ndi kunjenjemera, musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo.

Mwachita bwino kuwayang'ana m'maso. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo pa nkhani ya chikasu mawuwa ndi oona ndithu, chifukwa odwala ambiri amene ndawaona sanadzione okha. Amene anazindikira ndi mkazi, mwana, kapena mnzawo wa kuntchito.

Tsono mawu akuti "ndi chikasu chabe" ndiwo ndikufuna tiwaunike, chifukwa ndi amene amachedwetsa anthu kunyumba. Chikasu si dzina la matenda amodzi ayi. Ndi chizindikiro, monga mmene kutsokomola kulili. Wina amatsokomola chifukwa cha fumbi, wina chifukwa cha TB. Momwemonso maso achikasu, kwa wina ndi matenda oti atha okha pakapita masabata angapo, kwa wina ndi malungo aakulu, kwa wina ndi chiwindi chimene chatsala pang'ono kuleka kugwira ntchito. Ndipo m'maso mokhamo simungasiyanitse. Ngakhale ine amene ndakhala ndikuona odwala otere zaka zambiri sindingayang'ane diso n'kunena kuti uyu ndi wa gulu liti popanda kuyeza magazi.

Mtundu wachikasuwo umachokera m'magazi. Maselo ofiira a magazi amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, akakalamba thupi limawaphwanya, makamaka mu kapamba. Mwa zotsalira zake mumatuluka kanthu kachikasu kotchedwa bilirubin. Chiwindi chimatola bilirubin m'magazi, n'kumusakaniza mu ndulu. Ndulu mukuidziwa, ndi kathumba kobiriwira kaja mumasamala potumbula nkhuku kapena chambo kuti kasaphulike kangawawitse ndiwo. Mwa munthu namonso kalimo, kali kunsi kwa chiwindi, kudzanja lamanja pansi pa nthiti. Madzi a nduluwo amatsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kakang'ono, ndipo ndiwo amapatsa chimbudzi mtundu wake uja timaudziwa. Ulendo umenewu ukasokonekera penapake, bilirubin amadzaza m'magazi n'kuyamba kulowerera m'thupi. Mbali yoyera ya diso imamugwira msanga, n'chifukwa chake chikasu chimayamba kuonekera m'maso. Kwa ife a khungu lakuda, pakhungu sichioneka msanga, ndiye timadalira maso, kunsi kwa lilime ndi m'zikhatho. Dziwaninso kuti pamene maso afika pooneka chikasu ndi maso athuwa, bilirubin amakhala atachuluka kale kuwirikiza kawiri kapena katatu muyezo wake.

Ulendowu ungasokonekere malo atatu. Magazi akhoza kumaphwanyika mofulumira kuposa mmene chiwindi chingathere kuyeretsa. Chiwindi chenichenicho chikhoza kudwala. Kapena kanjira ka ndulu kakhoza kutsekeka. Zimene mwalemba za bambo, kuyamba ndi kuphwanya m'thupi, kenako nseru, kudana ndi fungo la zokazinga, mkodzo ngati tiyi, ndiye maso kuchita chikasu thupi litasiya kutentha, zikundiloza kwambiri ku chiwindi chenicheni. Umu ndi mmene kutupa kwa chiwindi, kumene kuchipatala timati hepatitis, kumayambira nthawi zambiri. Sindikunena kuti ndi zimenezo basi, koma ndi kumene ndingayambire kufufuza.

Komabe asanafike kumeneko, kuno kwathu munthu aliyense amene watentha thupi kenako n'kuchita chikasu timayamba tamuyeza malungo. Tizilombo ta malungo timaswana m'maselo ofiira n'kuwaphulitsa, ndipo chikasu mwa wodwala malungo ndi chimodzi mwa zizindikiro zoti afika poipa. Oterewa sitiwapatsa LA n'kuwabweza kunyumba, amagonekedwa n'kubayidwa jakisoni wa artesunate. Panado amangoziziritsa thupi, tizilomboto tili m'kati tikupitiriza ntchito, ndiye kusiya kutentha thupi si umboni woti malungo palibe. Kuyeza kwake ndi kubaya pachala, mphindi 20 zotsatira zatuluka.

Tibwere ku hepatitis. Tizilombo take tilipo ta mitundu ingapo ndipo timatchulidwa ndi malembo. A ndi E amabwera ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, monga zimachitikira nthawi ya dzinja zimbudzi zikasefukira m'zitsime. Ambiri mwa ife hepatitis A tinadwala kale tili ana osazindikira n'komwe, ndipo amatha yekha. B ndi C amadzera m'magazi. Amene amatidetsa nkhawa kwambiri m'chigawo chathu chino cha Africa ndi B. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B wokhalitsa, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa kuti ali naye.

Hepatitis B ali ndi khalidwe lachilendo. Akalowa mwa munthu wamkulu, munthuyo akhoza kudwala kwambiri, maso kuchita chikasu, koma oposa 9 mwa 10 aliwonse thupi lawo limathana nako kachilomboko pakatha miyezi ingapo. Akalowa mwa khanda, zimatembenuka: khandalo silidwala, koma pafupifupi 9 mwa makanda 10 otere amakhala nako kachilomboko moyo wonse. Kamakhala phee zaka 20, 30, 40, kakudya chiwindi pang'onopang'ono ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga, kunja thumba likuoneka lodzaza. Tsiku lina munthu wa zaka za bambowa amangoona maso achita chikasu, mimba yayamba kutupa madzi, miyendo yatupa. Pofufuza timapeza chiwindi chalimba ndi zipsera, kapena mwamera khansa. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa ana kusikelo m'Malawi muno mu 2002, m'jakisoni uja amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Bambo anabadwa katemerayu asanabwere. Mwina inunso chimodzimodzi.

Apa ndiye payankhidwe funso lanu la mbale ndi kapu. Hepatitis B safala podyera mbale imodzi, pogwirana chanza, pokhala pamphasa imodzi kapena polumidwa ndi udzudzu. Amafala pogonana, pobereka kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana, ndi pa chilichonse chimene chakhudza magazi: lezala lometera ndevu, mswachi, singano, lumo lotemera mphini limene ladutsa pa anthu angapo, mpeni umodzi wa mdulidwe. Kachilomboka n'kolimba, kamakhala ndi moyo m'magazi ouma pa lezala kwa sabata yathunthu. Ndiye kuwapatulira mbale ngati wakhate sikuthandiza pa B, kungowawawitsa mtima munthu wodwala kale. Chothandiza n'chakuti lezala ndi mswachi zikhale zawozawo, ndipo kuchipinda mudikire kaye kapena mugwiritse ntchito kondomu mpaka zotsatira zitatuluka.

Koma poti sitikudziwa kuti ndi mtundu uti, ndipo inu muli ndi pakati, pali china chimene sindikufuna muchitenge mopepuka. Hepatitis E, amene kwa anthu ambiri amatha yekha, kwa mayi woyembekezera wa miyezi yomaliza ndi woopsa zedi, akhoza kupha mmodzi mwa amayi anayi kapena asanu amene adwala. Choncho kuyambira lero madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala a kulorini, musambe m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndi musanagwire chakudya, bambo asakonze chakudya cha banja, ndipo mbale zizitsukidwa ndi sopo monga mwa masiku onse. Inuyo mukangoona maso anu asintha, kapena thupi likuyabwa kwambiri makamaka m'zikhatho ndi kumapazi, kapena mutu ukupweteka ndi kutupa nkhope, limenelo ndi la tsiku lomwelo. Chikasu mwa mayi wapakati sitigona nacho kunyumba.

Ndati mupite nawo pa chifukwa chinanso. Mukapemphe kuti inunso akuyezeni hepatitis B. Mukapezeka mulibe, funsani za katemera wa akuluakulu. Mukapezeka muli naye, musataye mtima, chifukwa ino ndiyo nthawi yabwino yodziwira. Alipo mankhwala otchedwa tenofovir amene amaperekedwa kwa mayi woyembekezera amene kachilombo kachuluka m'magazi kuti katsike asanachire, ndipo WHO imalangiza kuti khanda libayidwe katemera woyamba wa hepatitis B pasanathe maola 24 chibadwire. Muwauze anamwino a kusikelo msanga kuti akonzekere, osati tsiku lochira. Kuyamwitsa muyamwitse, sikoletsedwa.

Za mowa ndilankhula mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti bambo akawerenga sakondwa. "Ndimamwa Loweruka ndi Lamulungu basi" ndi mawu amene ndimawamva sabata iliyonse, ndipo ndikafunsa kuti Lowerukalo mumamwa wochuluka bwanji, timapeza kuti m'masiku awiriwo munthu wamwa wa sabata yonse. Chiwindi sichiwerenga kalendala, chimawerenga kuchuluka kwa mowa umene wadutsamo. Kachasu ndi timabotolo totchipa ta mowa waukali tija ndiye zoipitsitsa chifukwa mphamvu yake ndi yaikulu ndipo anthu amamwa m'mimba muli gwaa. Mowa pawokha umatupitsa chiwindi mpaka maso kuchita chikasu. Ukakumana ndi hepatitis B mwa munthu mmodzi, kuonongeka kumathamanga. Ndiye ukaonjezapo Panado, zinthu zitatu zagwera chiwalo chimodzi.

Panado si woipa. Ndi mankhwala abwino akamwedwa pa muyezo, ndipo kwa munthu wamkulu wa chiwindi chabwino malire ndi mapilitsi 8 a 500 mg pa tsiku, awiriawiri motalikirana. Vuto n'lakuti munthu akamva kuphwanya amamwa awiri m'mawa, atatu masana, ndiye madzulo amagulanso mankhwala a chimfine kapena a mutu a dzina lina osadziwa kuti m'katimo mulinso paracetamol, mankhwala omwewo amene ali mu Panado. Kwa munthu womwa mowa amenenso sakudya, ngakhale muyezo wooneka wabwino ukhoza kuvulaza. Mufunse bambo kuti anamwa angati pa tsiku ndipo kwa masiku angati, mutolere timapepala tonse tamankhwala totsala m'matumba a thalauza ndi pawindo, mukaonetse.

Simunatchule ngati ali pa mankhwala ena, koma ndinene chifukwa ena owerenga zikuwakhudza. Mwa mankhwala anayi oyambira a TB, atatu, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, akhoza kutupitsa chiwindi, makamaka m'miyezi iwiri yoyamba. Rifampicin amafiiritsa mkodzo ndi misozi, zimenezo n'zodziwika ndipo si vuto. Koma nseru yosatha, kusanza ndi maso achikasu mwa munthu wa mankhwala a TB ndi chifukwa chobwerera kuchipatala tsiku lomwelo asanamwe ena. Bactrim nayenso nthawi zina amatero. Kumbali ya ma ARV, alipo amodzi otchedwa atazanavir amene amachititsa maso chikasu chiwindi chili bwinobwino, koma woti anene kuti chikasu ichi n'chosaopsa ndi wa kuchipatala atayeza, osati mnzanu wa pamzere. Ndipo ma ARV musasiye panokha. Tenofovir ndi lamivudine, amene ali m'pilitsi limene ambiri akumwa masiku ano, amagwiranso hepatitis B, ndiye munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akangosiya mwadzidzidzi, hepatitis uja amadzuka mwaukali.

Tsopano nzimbe za apongozi. Sindiwaseka ayi. Munthu wodwala chiwindi safuna chakudya, ndipo shuga wa m'magazi mwake amatha kutsika chifukwa chiwindi ndicho nkhokwe ya shuga m'thupi. Nzimbe zimamupatsa madzi ndi mphamvu pamene nsima yakanika. Ngati bambo alibe matenda a shuga, adye. Phala, nthochi, mbatata yophika, zonse zimene mtima ukulola, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Chimene nzimbe sizichita ndi kuchiza. Chikhulupirirochi chinakhazikika chifukwa anthu ambiri amene ankadwala chikasu, makamaka ana ndi achinyamata, anali ndi mtundu uja wotha wokha. Anadya nzimbe, pakutha pa masabata atatu maso anayera, ulemu n'kupita kwa nzimbe. Amene anali ndi mtundu winawo anadyanso nzimbe, koma iwo sanakhalepo kuti asimbe.

Mizu ndiye nkhani ina, ndipo apa sindinyengerera. Chilichonse chimene munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi kuti chisefedwe. Chiwindi chikatupa, mphamvu yosefa imachepa. Mizu yophika m'poto palibe amene akudziwa muyezo wake, ndipo zomera zina zili ndi poizoni wolunjika pa chiwindi penipenipo. Chimodzimodzi timabotolo ta "zotsuka m'thupi" timene tikugulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp. Chiwindi chodwala sichifuna kutsukidwa, chimafuna kupumula.

Ndikukumbukira bambo wina, kalipentala, amene anabwera naye mkazi wake ndi mlamu wake pachipatala china chimene ndinkagwirako ntchito. Maso anali atachita chikasu kwa masabata atatu, ndipo masabata awiri mwa atatuwo ankamwa mankhwala achikuda kapu m'mawa kapu madzulo. Iye ankayenda yekha, ankaseka, akuti amukakamiza kubwera. Mkazi wake ndiye anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Adokotala, usiku sakugona, masana akungosinza, ndipo dzulo amafunafuna chitseko m'nyumba yomanga okha." Ndinamuuza bamboyo kuti atambasule manja kutsogolo, zikhatho zitaimirira ngati akuimitsa minibasi. Sipanathe masekondi angapo, manja aja anayamba kugwa n'kudzuka okha ngati mapiko a nkhuku. Chimenecho ndi chizindikiro choti zoipa zimene chiwindi chimayenera kuchotsa zafika ku ubongo. Ndikamufunsa kuti pakupweteka pati, yankho linali lomwelo la bambo a kwanuwo: palibe.

Mawu amenewa, akuti palibe pakupweteka, ndi msampha. Chiwindi ndi chiwalo chosadandaula. Chikhoza kuonongeka mbali yaikulu munthu akupita kumunda tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, chikasu chopanda ululu mwa munthu wachikulire, amene akuonda, thupi likuyabwa usiku wonse, chimbudzi chatuwa ngati dothi la makande ouma kapena phulusa, chimatiopsa kuposa chopweteka, chifukwa nthawi zina chimatanthauza chotupa chimene chatseka njira ya ndulu, monga khansa ya chiwalo cha m'mimba chotchedwa pancreas. Chopweteka chija, ululu waukulu pansi pa nthiti za kumanja wobwera munthu akadya zonona, nthawi zambiri ndi timiyala ta mu ndulu, ndipo timachotsedwa. Koma timiyalato tikatseka njira n'kubweretsa kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndi matenda a changu. Choncho muwafunse bambo, kapena adziyang'anire okha, kuti chimbudzi chikuoneka bwanji. Ndi funso lochititsa manyazi pakati pa anthu, koma adokotala akafunsa ndithu, ndipo yankho lake limatithandiza kudziwa koyambira.

Poti mwalemba kuchokera ku Mchinji, kwa alimi a mtedza, ndionjezepo za chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino, kapena mtedza ukawazidwa madzi kuti usendeke msanga, mumamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Saphedwa ndi moto, kukazinga kapena kusinja sikumuchotsa. Wochuluka nthawi imodzi amapha: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere, ambiri atachita chikasu. Wochepa wa tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka, amabweretsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B. Chimene chimandimvetsa chisoni ndi chizolowezi chathu chija chosankha mtedza wabwino kukagulitsa, wonyala, wothyoka ndi wowawa n'kusiya pakhomo kuti ukhale nsinjiro za ana. Wotsalawo ndi umene muli poizoni wambiri.

Si maso onse osayera amene ali ndi chikasu, izi ndinene kuti ena asathamange pachabe. Anthu ambiri a khungu lakuda, makamaka ogwira ntchito padzuwa, pafumbi ndi pautsi, maso awo amakhala oderako chibadwire, ndipo ena amakhala ndi kachotupa kachikasu pambali pa kadiso kakuda. Pofuna kusiyanitsa, tulukani naye panja masana, osati pa nyali kapena pa babu, mukweze chikope chapamwamba iye akuyang'ana pansi. Mbali yobisika ija, imene dzuwa ndi fumbi sizifikako, ikakhala yoyera, si chikasu. Ikakhala yachikasu ponseponse m'maso onse awiri, ndi chomwecho. Nthawi ya mango, kapena mwana akamadya kwambiri maungu, mapapaya ndi mbatata yofiira m'kati, zikhatho ndi mapazi zimatha kuchita chikasu, koma maso amakhala oyera, ndipo zimenezo zilibe vuto. Kwa bambo a kwanu, ndi mkodzo ngati tiyi uja, kukayika kumeneku palibe.

Kuchipatala mukayembekezere izi. Akawayeza malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Akatenga magazi a pamkono oonera mmene chiwindi chikugwirira ntchito, amene amationetsanso ngati vuto lili m'chiwindi kapena m'njira ya ndulu. Akayeza hepatitis B, ndipo akapempha kuyeza HIV. Musadabwe nazo, timapempha aliyense, chifukwa zotsatira zake zimasintha mankhwala oyenera kupereka. Mwina akawatumiza kukajambula m'mimba pa sikani. Pachipatala chaching'ono zina mwa izi sizipezeka, ndiye akakupatsani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha pa boma, kapena kupitirira mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mupite, musaike kalatayo pansi pa matiresi kudikira kuti mugulitse kaye soya. Ndipo bambo akanene zoona zokhazokha za mowa ndi za mizu ngati analawako kale. Sitikhala pamenepo kuti tiweruze munthu. Wobisa amangotisocheretsa, tizifufuza kumene kulibe.

Mwina akawauza kuti palibe mankhwala apadera, apite akapume, adye bwino, abwerenso pakatha sabata kapena awiri. Anthu ambiri amakhumudwa akamva zimenezi, amati ndapita pachabe, sanandipatse ngakhale jakisoni. Sikupita pachabe. Pa hepatitis wongoyamba kumene, kupuma ndi kupewa zovulaza chiwindi ndiwo mankhwala ake, ndipo kubwererako ndi kumene kumatiuza ngati zinthu zikutsika kapena zikukwera. Akapezeka ndi B, ayenera kuyezedwanso pakatha miyezi 6 kuti tione ngati kachilombo kachoka. Kakatsalira, alipo mankhwala a tsiku ndi tsiku amene amakagonetsa ndi kuteteza chiwindi, ndipo hepatitis C masiku ano amachizika ndi mapilitsi a masabata 12. Maso amachedwa kuyera kuposa mmene munthu amapezera bwino, akhoza kutenga masabata angapo chilakolako cha chakudya chitabwerera kale. Mowa usabwerere limodzi ndi chilakolakocho. Miyezi 6 osalawa ndiye poyambira, ndipo chiwindi chikapezeka ndi zipsera, ndiye kuti mowa atsanzikana nawo.

Nditsirize ndi mwana amene mukuyembekezayo, chifukwa miyezi iwiri ikubwerayi mukhoza kukumananso ndi mtundu womwewu m'maso ena. Makanda oposa theka amachita chikasu sabata yoyamba, kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chifukwa chiwindi chawo chimakhala chisanazolowere ntchito. Chimenechi sichikhudzana ndi matenda a bambo ake, ndipo nthawi zambiri chimatha chokha mwana akamayamwa bwino, kasanu ndi katatu kapena kuposa pa tsiku. Poyang'ana, dinikizani chala pamphuno kapena pachipumi pa mwana muli poyera, mukachotsa muone mtundu wa pamalopo, muonenso nkhama. Chikasu cha makanda chimayambira kumutu kutsikira kumapazi, ndiye chikafika m'zikhatho ndi kumapazi chachuluka. Chikaoneka tsiku loyamba lenileni, kapena mwana wabadwa masiku asanakwane, kapena akukana bere, wafooka, akulira mokuwa modabwitsa, akupinda msana chammbuyo, thamangani naye, chifukwa bilirubin wochuluka mwa khanda amalowa mu ubongo n'kusiya kugontha kapena kulumala kosachizika. Kuchipatala amamugoneka pansi pa magetsi a buluu ataphimbidwa m'maso. Njira imeneyi inayamba m'zaka za m'ma 1950 ku Rochford ku England, namwino wina dzina lake Jean Ward ataona kuti makanda amene ankawatulutsa padzuwa khungu lawo linkayera. Koma musatengere pamenepo n'kumuyanika mwana padzuwa la kwathu kuno m'malo mopita naye, angapse kapena kutha madzi m'thupi chikasu chili chikwerere. Ndipo chikapitirira masabata awiri, yang'anani thewera. Chimbudzi cha khanda loyamwa chimakhala chachikasu ngati dzira. Chikakhala chotuwa, mkodzo n'kumadetsa thewera, mwina njira ya ndulu inabadwa yotseka, ndipo opaleshoni yake imayenda bwino mwana asanakwanitse miyezi iwiri.